Kukonza encoding, locale ndi font ya pa console ya Linux kuti ŵ wa mu Malaŵi aoneke bwino

Chaka chatha ndinapemphedwa kudzutsa kompyuta yakale ya mu ofesi ina yaying'ono kuti izisunga mndandanda wa mayina ndi zolemba zina. Ndinaikamo Debian, mtundu wina wa Linux, yopanda zithunzi, sikirini yakuda ndi zilembo zoyera basi. Nditatsegula fayilo yoyamba, pamalo pa "Malaŵi" panali "Mala" kenako kabokosi kenako "i". Mayi amene amasunga zolembazo anaima kumbuyo kwanga nkunena kuti fayilo yawo yawonongeka, ndipo anayamba kale kuganiza zolembanso zonse kuyambira pachiyambi. Fayiloyo inalibe vuto lililonse. Chimene chinkasowa ndi chithunzi cha chilembo chimodzi chokha mu font ya sikiriniyo.

Pali zinthu zitatu zimene anthu amazisakaniza, pomwe chilichonse chili ndi ntchito yake. Encoding ndi pangano la mmene chilembo chimasandukira manambala osungidwa mu fayilo. Locale ndi imene imauza mapulogalamu pangano loti atsatire, komanso kalembedwe ka madeti, manambala ndi ndalama. Font ndi zithunzi za zilembo zimene zimajambulidwa pa sikirini. Chilembo chikaoneka molakwika, yambani mwapeza kuti vuto lili pati mwa zitatuzi musanakhudze chilichonse. Malamulo amene ndikulemba apa ndi a Debian ndi Ubuntu. Pomwe Fedora ndi Arch zikusiyana ndidzanena.

Gawo 1: Sankhani mawu oyesera

Chichewa chathu chimalembedwa ndi zilembo zimene kompyuta iliyonse imazidziwa, kupatula ziwiri zovuta. Choyamba ndi ŵ, w wokhala ndi kachipewa pamutu. Ambiri masiku ano timangolemba "Malawi", "mawa", "kudziwa", koma m'mabuku akale ndi m'zolemba za mipingo ina mupeza "maŵa" ndi "kudziŵa", ndipo anzathu olemba Chitumbuka sangathe popanda iye: "ŵanthu", "ŵana". Chachiwiri ndi nkhodolero, kachizindikiro ka mu "ng'ombe" ndi "m'nyumba". Kali mitundu iwiri: kowongoka ka pa kiyibodi, ndi kopindika kamene Word ndi mafoni ambiri amaika okha munthu osadziwa.

Mawu anga oyesera ndi awiri omwewo, Malaŵi ndi ng’ombe ya nkhodolero yopindika. Simukufunika kudziwa kuwalemba pa kiyibodi panopa. Lembani lamulo ili:

`printf 'Mala\xc5\xb5i ng\xe2\x80\x99ombe\n'`

Lamuloli likutumiza ku sikirini mabaiti enieni, manambala aja amene zilembo zimasungidwira mu fayilo. Ngati mawu onse awiri aoneka bwino, sikirini yanu ili bwino ndipo vuto lili mu fayilo kapena mu locale. Ngati pabwera kabokosi, chizindikiro cha funso, kapena w wopanda chipewa, kayikirani font. Ngati pabwera zilembo ziwiri kapena zitatu zachilendo pamalo pa chimodzi, ndiye kuti mabaiti akuwerengedwa ndi encoding yolakwika.

Gawo 2: Encoding ikhale UTF-8

Apa palibe chosankha chambiri, koma ndi bwino kudziwa chifukwa chake. ASCII, imene inatuluka mu 1963, ili ndi malo 128 okha: zilembo za Chingelezi, manambala ndi zizindikiro zochepa. Mu 1987 kunabwera ISO 8859-1 imene imagwiritsa ntchito malo 256, yokwanira Chifalansa, Chijeremani, Chipwitikizi ndi zinenero zina za kumadzulo kwa Ulaya. Muli â, ê, î, ô, û, koma ŵ mulibe. Windows-1252, imene makompyuta a Windows anakhala nayo kwa zaka zambiri, nayonso ilibe. Ŵ anapeza malo mu ISO 8859-14, yopangidwira zinenero monga Welsh, chifukwa anthu a ku Wales nawonso amalemba chilembo chomwechi.

Unicode inathetsa kugawikana kumeneku popatsa chilembo chilichonse nambala yakeyake. Ŵ wamkulu ndi U+0174, ŵ wamng'ono ndi U+0175, nkhodolero yopindika ndi U+2019. UTF-8, imene Ken Thompson ndi Rob Pike anaikonza mu 1992, ndi njira yolembera manambalawa mu mabaiti. Ubwino wake ndi wakuti zilembo za ASCII zimakhalabe baiti imodzi monga kale, pomwe ŵ amatenga mabaiti awiri, C5 ndi B5, ndipo nkhodolero yopindika imatenga atatu, E2 80 99.

Manambala amenewa akuthandizani kuzindikira matenda ndi maso okha. Pulogalamu ikawerenga C5 B5 ngati Windows-1252, imaona zilembo ziwiri, Å ndi µ, ndiye mumapeza "MalaÅµi". Ikawerenga E2 80 99 mwa njira yomweyo, mumapeza "ngâ€™ombe". Aliyense amene anatsegulapo fayilo ya CSV mu Excel zimenezi anazionapo. Mukaziona musachite mantha, mabaiti onse alipo, angowerengedwa ndi pangano lina.

Gawo 3: Onani locale imene ilipo

Lembani `locale`. Mupeza mizere yoposa khumi: LANG, LC_CTYPE, LC_TIME, LC_COLLATE, LC_PAPER ndi ina. Lembaninso `locale charmap`. Yankho loyenera ndi UTF-8. Mukaona ANSI_X3.4-1968, limenelo ndi dzina lakale la ASCII, kutanthauza kuti muli mu locale ya C kapena POSIX ndipo mapulogalamu akuwerenga baiti iliyonse payokha. Njira yachangu yotsimikizira ndi iyi:

`printf 'Mala\xc5\xb5i' | wc -m`

Ikayankha 6, locale ikudziwa kuti ŵ ndi chilembo chimodzi. Ikayankha 7, ikuwerenga mabaiti.

Pali dongosolo la amene ali ndi mawu omaliza. LC_ALL imaposa zonse, kenako LC iliyonse payokha, ndipo LANG imangodzaza pamene patsala. Ndaonapo anthu akuika LC_ALL mu .bashrc, fayilo ya malamulo amene amayenda okha mukatsegula terminal, pofuna kuletsa uthenga wina wowasowetsa mtendere, kenako patapita miyezi nkumadabwa kuti bwanji chilichonse chimene akusintha sichikugwira. LC_ALL isiyeni yopanda kanthu. Muziigwiritsa ntchito pa lamulo limodzi lokha pakafunika kutero.

Gawo 4: Sankhani locale ndi kuipanga

Dzina la locale lili ndi zigawo zitatu: chinenero, dziko ndi encoding, monga en_GB.UTF-8. Chizindikiro cha Chichewa ndi ny, cha Malawi ndi MW, choncho tikadayembekezera ny_MW. Onani zimene zilipo pa makina anu:

`grep -E '^ny_|_MW|_ZM|_ZW|en_ZA|en_GB' /usr/share/i18n/SUPPORTED`

Pa Debian yanga ny_MW sinapezeke. Zinapezeka en_ZM ndi bem_ZM za ku Zambia, en_ZW ya ku Zimbabwe, en_ZA ya ku South Africa, ndi en_GB. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa Chichewa chimalankhulidwa ndi anthu mamiliyoni ambiri, koma sizikulepheretsani kulemba kapena kuwerenga Chichewa. Chofunika pa zilembo ndi gawo la UTF-8 lija. Locale iliyonse ya UTF-8 imadziwa ŵ.

Ine ndimasankha en_GB.UTF-8, ndipo ndimapewa en_US.UTF-8 ngakhale kuti ndi imene ambiri amaisiya chifukwa imabwera yokha poika Linux. Zifukwa ndi ziwiri zogwirika. Choyamba ndi madeti: tsiku la 6 July 2025 en_GB imalilemba 06/07/25, tsiku patsogolo mwezi pambuyo monga timachitira kwathu, pomwe en_US imalemba 07/06/2025, ndipo wowerenga aganiza kuti ndi 7 June. Pa mndandanda wa malipiro kusokonezeka kotere kumayambanitsa anthu. Chachiwiri ndi pepala: lembani `locale -k LC_PAPER`. En_GB imapereka 297 ndi 210, amene ndi mamilimita a A4, pomwe en_US imapereka 279 ndi 216, pepala la Letter limene m'maofesi mwathu simupezeka. Pali mapulogalamu amene amatengera apa kukula kwa pepala posindikiza, ndiye mzere wapansi umadulidwa kapena printa imangoima kudikira pepala limene mulibe.

Chofooka cha en_GB ndi chakuti pa ndalama imaika chizindikiro cha paundi. Mapulogalamu ochepa okha ndi amene amayang'ana LC_MONETARY, choncho ine sindidandaula nazo. Amene muli ku Chipata kapena ku Lusaka, en_ZM ndi yanu. Amene muli ku Johannesburg ndipo mukufuna en_ZA, yambani mwaona `locale decimal_point` mutaiika, kuti mudziwe chizindikiro chimene chikulekanitsa ndalama zathunthu ndi masenti musanalowetse manambala mu spreadsheet.

Kuti muipange, lembani:

`sudo dpkg-reconfigure locales`

Pabwera mndandanda wautali. Tsikani ndi batani la muvi, dinani batani lalitali la mpata pa mzere wa en_GB.UTF-8 UTF-8 kuti pakhale nyenyezi, kenako Enter. Samalani, pafupi pomwepo pali mizere ina ya en_GB ya ISO-8859-1 ndi ISO-8859-15, imeneyo isiyeni. Pa sikirini yachiwiri sankhani en_GB.UTF-8 kuti ikhale ya makina onse. Amene mumakonda kuchita ndi manja, chotsani # kumayambiriro kwa mzere woyenera mu /etc/locale.gen, lembani `sudo locale-gen`, kenako `sudo update-locale LANG=en_GB.UTF-8`. Zimalembedwa mu /etc/default/locale. Pa Fedora ndi Arch fayilo yake ndi /etc/locale.conf, ndipo `sudo localectl set-locale LANG=en_GB.UTF-8` imagwira ntchitoyo.

Tulukani nkulowanso. Osaiwala zimenezi, chifukwa shell, pulogalamu yolandira malamulo amene mukulemba, imasungabe zakale ikakhala yotsegula. Mukalowanso bwerezani `wc -m` uja.

Nthawi ya pa wotchi si nkhani ya locale, ngakhale ambiri amaifunafuna kumeneko. Imakonzedwa padera ndi `sudo timedatectl set-timezone Africa/Blantyre`.

Kanthu kamodzi ka LC_COLLATE kayenera kutchulidwa chifukwa kamakhudza mindandanda ya mayina. Mu locale ya C, `sort` imatsatira manambala a mabaiti: zilembo zazikulu zonse zimabwera patsogolo pa zazing'ono, ndipo ŵ amaponyedwa kuseri kwa z. Mu en_GB.UTF-8, ŵ amakhala limodzi ndi w, monga mmene munthu angayembekezere mu mtanthauziramawu.

Ngati mumalowa pa seva kudzera pa SSH, njira yolowera pa kompyuta ina muli patali, nkumalandira uthenga wakuti "cannot change locale", chifukwa chake nchakuti kompyuta yanu imatumiza LANG yake ku seva, ndipo seva ilibe locale imeneyo. Ipangeni kumeneko ndi lamulo lomwe lija, uthengawo utha.

Gawo 5: Font ya console

Apa mpamene panali vuto la ku ofesi kuja. Console imene ndikunena ndi sikirini yakuda imene mumaipeza mukadina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, kapena imene imabwera yokha pa makina opanda zithunzi. Ndi yosiyana ndi windo la terminal la mkati mwa GNOME kapena Xfce. Windo la terminal limabwereka chilembo ku font ina iliyonse ya pa makinawo likachisowa. Console siingathe. Imanyamula font imodzi yokha, ya zithunzi 256 kapena 512, ndipo chilembo chimene mulibe ndiye kuti palibe. Unicode ili ndi zilembo zoposa 140,000, choncho muyenera kusankha kagulu koyenera.

Lembani:

`sudo dpkg-reconfigure console-setup`

Funso loyamba ndi la encoding: UTF-8. Funso lachiwiri ndi la gulu la zilembo, ndipo apa ndinapeza chimene sindinayembekezere. Pa mndandandawo pali mzere wa Latin3 ndi Latin8, ndipo pakati pa zinenero zotchulidwa pamenepo dzina loyamba ndi Chichewa, kenako Esperanto, Irish, Maltese ndi Welsh. Ndinamuitana mayi uja kuti adzaone dzina la chinenero chathu pa sikirini yakuda ija, ndipo tonse tinasangalala. Dzina lalifupi la gululi ndi Lat38. Lili ndi zithunzi 256 ndipo lili ndi zilembo zonse za ISO 8859-14, kuphatikizapo ŵ ndi Ŵ. Musasiye chisankho chakuti kompyuta iganize yokha.

Mizere ina pa mndandandawo imayamba ndi kadontho; amenewo ndi magulu a zithunzi 512. Amanyamula zambiri, monga zilembo za Chigiriki ndi za Chirasha, koma pa makina ena akale amachepetsa mitundu ya utoto wa zilembo. Ngati mukufuna limodzi mwa amenewo, liyeseni kaye ndi mawu athu aja.

Funso lachitatu ndi la maonekedwe. Ndimasankha Terminus, font imene Dimitar Zhekov wa ku Bulgaria anaijambula kuti munthu aziwerenga kwa maola ambiri maso osatopa. Zero ndi O zimasiyana bwino, chimodzimodzinso l ndi 1. Ngati maso anu amafuna zilembo zonenepa, pali TerminusBold. Funso lomaliza ndi kukula. 8x16 ndi yokwanira pa sikirini zakale, koma pa laputopu ya masiku ano zilembo zake zimakhala ngati nyerere. Yesani 12x24 kapena 16x32. Kukula kumathandizanso pa nkhani yathu, chifukwa pa font yaying'ono kachipewa ka ŵ kamangooneka ngati kachitsotso.

Mayankho anu amasungidwa mu /etc/default/console-setup, ndipo aoneka chonchi:

`CHARMAP="UTF-8"`
`CODESET="Lat38"`
`FONTFACE="Terminus"`
`FONTSIZE="12x24"`

Mutha kusintha fayiloyi ndi manja kenako nkulemba `sudo setupcon` muli pa console yeniyeniyo. Kuti muyese font musanaikhazikitse, onani zimene zili mu /usr/share/consolefonts, kenako lembani, mwachitsanzo, `sudo setfont /usr/share/consolefonts/Lat38-Terminus16.psf.gz`. Imasintha nthawi yomweyo, ndipo mukayambitsanso kompyuta imabwerera pa yakale, choncho palibe choopa. Lamulo la `showconsolefont` limaonetsa zithunzi zonse za font imene ikugwira ntchito; yang'anani w wa chipewa ndi maso anu. Pa Fedora ndi Arch dzina la font limalembedwa pa mzere wa FONT= mu /etc/vconsole.conf, ndipo mayina a mafonti ndi ena, choncho `setfont` ndi `printf` uja ndiwo akutsogolereni.

Ku ofesi kuja, nditangolemba `setupcon` nkutsegulanso fayilo, kabokosi kanachoka ndipo "Malaŵi" anaoneka wathunthu. Sitinasinthe baiti ngakhale imodzi mu zolemba za mayi aja.

Gawo 6: Kulemba ŵ pa kiyibodi

Pa kompyuta ya zithunzi njira yabwino ndi batani la Compose, limene limaphatikiza zizindikiro ziwiri kukhala chilembo chimodzi. Mu /etc/default/keyboard ikani `XKBOPTIONS="compose:ralt"`, kapena lisankheni pa zokonzera kiyibodi za GNOME. Kenako dinani Alt ya kumanja, musiyeni, dinani ^, kenako w. M'mapulogalamu ambiri a GNOME mutha kudinanso Ctrl, Shift ndi U pamodzi, kulemba 0175, kenako Enter. Mu pulogalamu yolembera ya vim, ngakhale pa console, dinani Ctrl ndi K, kenako w, kenako >. Mu Word pa Windows, lembani 0175 nkudina Alt ndi X.

Pa nkhodolero, langizo langa ndi lakuti m'mayina a mafayilo, m'mindandanda ndi mu database muzigwiritsa ntchito yowongoka ya pa kiyibodi. Mukasakaniza, mudzafunafuna "Ng'oma" ndi `grep` osamupeza, pomwe ali momwemo ndi nkhodolero yopindika.

Gawo 7: Mafayilo akale

Musanakhudze fayilo iliyonse, ikopereni kaye pena. Kenako funsani `file -i dzina.txt`. Ikati utf-8 kapena us-ascii, isiyeni. Ikati iso-8859-1 kapena unknown-8bit, mwina inachokera pa Windows yakale, ndiye yesani:

`iconv -f WINDOWS-1252 -t UTF-8 dzina.txt > dzina-latsopano.txt`

Dzina la kumanja likhale losiyana ndi la kumanzere. Mukalemba lomwelo, shell imafufuta zonse za mu fayiloyo iconv isanayambe nkuwerenga komwe. Kumbukiraninso kuti `file` imangoyerekeza, choncho tsegulani zotsatirazo muwerenge mizere ingapo nokha.

Pali vuto lina lobisika. `file` ikunena kuti utf-8, locale ili bwino, font ili bwino, koma mukuonabe "MalaÅµi". Apa ndiye kuti wina anatsegula fayiloyo ndi encoding yolakwika nkuisunga choncho, ndipo zilembo zachilendozo zinalowa mu fayilo ngati zenizeni. Mankhwala ake ndi kubwerera njira yomweyo chambuyo:

`iconv -f UTF-8 -t WINDOWS-1252 yosokonezeka.txt > yokonzedwa.txt`

Å amabwerera kukhala C5, µ kukhala B5, ndipo awiriwo pamodzi ndi ŵ wathu mu UTF-8. Njirayi imagwira pokhapokha ngati fayilo yonse inasokonezeka mofanana. Ngati mizere ina ili bwino ina ayi, iconv ikhoza kuima pakati nkudandaula, ndipo muyenera kupatula mizereyo.

Chimene sichibwezedwa ndi fayilo imene inasungidwa mu encoding yopanda ŵ, ndipo pulogalamu inalemba chizindikiro cha funso chenicheni m'malo mwake. Onani ndi `grep -n 'Mala.i' dzina.txt | xxd`. Mukapeza baiti ya 3f, imene ndi chizindikiro cha funso, pamalo pa c5b5, chilembocho chinatayika, ndipo muyenera kuchibwezera nokha potsatira pepala loyambirira.

Mayina a mafayilo amene anasokonezeka, monga ochokera pa flash yakale, amakonzedwa ndi `convmv`, imene poyamba imangoonetsa zimene ikufuna kuchita mpaka mutaonjezera `--notest`.

Pomaliza, ngati mndandanda wanu ukupita kwa munthu wa Excel, Excel imatha kuwerenga CSV ya UTF-8 ngati Windows-1252 pokhapokha itapeza mabaiti atatu, EF BB BF, kumayambiriro kwa fayilo. Aikeni pa kope lotumiza lokhalo:

`printf '\xef\xbb\xbf' | cat - mayina.csv > mayina-excel.csv`

Kope la pa seva lisiyeni lopanda mabaiti amenewa, chifukwa mapulogalamu ena a Linux amawatenga ngati gawo la liwu loyamba la mzere woyamba. Ngati wolandirayo ali kale ndi fayilo yopanda mabaitiwa, muuzeni aitsegule kudzera pa Data, kenako From Text/CSV, nkusankha 65001, imene ndi nambala ya UTF-8 pa Windows.